Yesu anaitana mayi ake kuti “mkazi”? Odziwa Chigiriki tithandizeni

Mayi wa Atatu:
Abale, ndabwera ndi funso lomwe landigonetsa mochedwa. Dzulo madzulo timawerenga Yohane mutu 2 ndi ana anga, nkhani ya ukwati wa ku Kana ija. Titafika pa vesi 4, pomwe Yesu akuyankha mayi ake atamuuza kuti vinyo watha, mwana wanga wamkulu, wa zaka 13, anasiya kuwerenga n’kundiyang’ana. Akuti, “Amayi, ine nditakuitanani kuti mkazi, mungandisiye?” Ndinaseka, koma yankho ndinalibe. M’nyumba muno muli mabaibulo awiri. Lakale likuti “mkazi”, latsopano likuti “mayi”. Nanga loona ndi liti? Mwana akudikira.

Mkhalakale:
Loona ndi lakalelo mayi. Ngati Ambuye anati mkazi, tilembe mkazi. Mawu a Mulungu sitiwapaka mafuta kuti aziterera. Omasulira a masiku anowa amangofuna kutikondweretsa, ndipo ena afika pochotsa mavesi athunthu.

Wofunsafunsa:
Kkkk koma mwanayo ndi wanzeru. Ine nditayesa zimenezo kwa mayi anga lero ndigona kunja.

Wophunzira Zaubusa:
Mayi, ndiyesako, ngakhale Chigiriki changa ndi cha zaka zitatu zokha. Liwu lomwe lili pamenepo ndi *gynai*, lomwe limachokera ku *gyne*, kutanthauza munthu wamkazi. Pamenepa bambo Mkhalakale sakunama, liwu lake ndi lomwelo. Koma m’Chigiriki kuitana munthu kuti *gynai* sikunali kumunyoza. Yesu akuitana motero mayi wa ku Samariya pachitsime (Yohane 4:21), mayi wa ku Kanani yemwe akumuyamikira chifukwa cha chikhulupiriro chake chachikulu (Mateyu 15:28), ndiponso Mariya wa Magadala akulira kumanda (Yohane 20:15). Koposa zonse onani Yohane 19:26. Ali pamtanda, akupereka mayi ake m’manja mwa wophunzira amene ankamukonda, ndipo liwu ndi lomwe lija, *gynai*. Munthu amene akusamalira mayi ake pa mphindi zomaliza za moyo wake sangakhale kuti akuwatukwana.

Vuto lili kuno kwathu. Ukanena kuti “mkazi iwe” m’Chichewa, khutu limamva mwamuna wolusa akukalipira mkazi wake. Womasulira amene walemba “mkazi” wasunga liwu koma wabweretsa mwano womwe m’Chigiriki mulibe. Amene walemba “mayi” wachotsa mwanowo.

Abusa Opuma:
Mwana wanga wafotokoza bwino, koma ndionjezepo pang’ono kuti tisathamangire kuombera m’manja Baibulo latsopanolo. Nalonso lataya kanthu. Chigiriki chili ndi liwu loti mayi wobereka, *meter*, ndipo Yesu sanaligwiritse ntchito. Akatswiri amanena kuti ngakhale *gynai* linali liwu laulemu, sichinali chizolowezi kuti mwana aitane nalo mayi ake omubala. Ndiye pali kampata kena komwe Yesu akuika pakati pa iye ndi Mariya. Tsono liwu lathu loti “mayi” limagwira mbali ziwiri, mayi wokubala ndi mayi aliyense wolemekezeka. Wowerenga akaona “mayi” pa vesi imeneyi amangomva kuti “amayi anga”, kampata kaja n’kutsekeka.

Mawu otsatira nawonso ndi ovuta. Akuti *ti emoi kai soi*. Kuwatsata limodzi ndi limodzi ndiye kuti “chiyani kwa ine ndi kwa iwe”. Ndani angamve zimenezo? Ndi kayankhulidwe kochokera ku Chiheberi, mukapeza pa Oweruza 11:12 ndi pa 1 Mafumu 17:18. Ndi mawu omwewo amene munthu wa mizimu yoipa uja akufuula nawo kwa Yesu pa Marko 5:7. Apa womasulira aliyense, wakale ndi watsopano yemwe, amayenera kusankha chonena.

Mkhalakale:
Abusa, ndimakulemekezani, koma kusankhako n’kumene ndikukana. Munthu akayamba kusankha, mawa adzasankha zomukomera. Angolemba liwu ndi liwu, kutanthauzira atisiyire ife ndi Mzimu Woyera.

Wophunzira Zaubusa:
Bambo, ndiloleni ndikufunseni mwaulemu. Mukamapemphera pemphero la Ambuye mumati dzina la ndani liyeretsedwe?

Mkhalakale:
Dzina lanu, monga Mkhristu aliyense.

Wophunzira Zaubusa:
Chigiriki chikuti *to onoma sou*, ndipo *sou* ndi wa munthu mmodzi. Liwu ndi liwu ndiye kuti “dzina lako liyeretsedwe, ufumu wako udze”. Chigiriki cha Chipangano Chatsopano chinalibe “inu” waulemu. Kapolo, mfumu, mwana, Mulungu, yense akakhala mmodzi ndi *sy*, kutanthauza “iwe”. Baibulo lakale lomwe mumalikondalo linasankha kale pamenepo, ndipo linasankha bwino, chifukwa “dzina lako” kwa Mulungu palibe angalitchule pakamwa.

Wofunsafunsa:
Iii, pamenepa bambo agwidwa kkkk

Woyang’anira Gulu:
Achimwene, pano sitikugwirana. Akuluakulu akuphunzitsana. Tiyeni tipitirize mwaulemu.

Mayi Otanthauzira:
Ine Chigiriki sindichidziwa, koma ndatanthauzirapo alaliki pa guwa kwa zaka zambiri, ndiye ululu wake ndimaudziwa. Mlaliki akanena nthabwala yomwe yatsamira pa liwu limodzi la matanthauzo awiri, iwe umangoima pamenepo thukuta lili kamukamu, anthu akudikira kuti aseke. Kodi m’Baibulo zoterezi zilimo?

Abusa Opuma:
Zilimo zambiri mayi, ndipo yotchuka ili pafupi pomwepa, Yohane mutu 3. Yesu akuuza Nikodemo kuti munthu ayenera kubadwa *anothen*. Liwu limeneli limatanthauza “kachiwiri”, limatanthauzanso “kuchokera kumwamba”. Nikodemo anamva tanthauzo loyambalo, n’chifukwa chake akufunsa zolowanso m’mimba mwa mayi ake. Koma pa vesi 31 ya mutu womwewo liwu lomweli likunena za iye wochokera kumwamba, ndipo pa Mateyu 27:51 ndi lomwe likufotokoza kuti chinsalu cha m’Kachisi chinang’ambika kuyambira kumwamba mpaka pansi. Kusamvana konse kwa Yesu ndi Nikodemo kwagona pa liwu limodzi limeneli. Tapezani liwu la Chichewa lomwe linganyamule zonse ziwiri. Palibe. Womasulira amatenga limodzi, linalo n’kuliika m’munsi mwa tsamba ngati malo alipo.

Pa vesi 8 zikubwerezanso. *Pneuma* ndi mphepo, ndi mpweya, ndi mzimu. Mgiriki akamamva vesi imeneyi amamva liwu limodzi koyambirira ndi kumapeto. Ife timayamba ndi mphepo, kutsiriza ndi Mzimu, ndipo wowerenga sadziwa n’komwe kuti panali kusewera ndi mawu.

Ndipo nkhani ya iwe ndi inu ija ikutipezanso pa vesi 7. Yesu akuti ndanena kwa iwe, mmodzi, kuti inu, ambiri, muyenera kubadwa *anothen*. Ukamupatsa Nikodemo ulemu wake monga mkulu wa Ayuda n’kumutchula kuti inu, kusiyana kumeneku kwafafanizika. Ukamutchula kuti iwe, wasunga kusiyanako koma ena adzati Yesu akuderera munthu wamkulu. Chimodzimodzi Luka 22:31 ndi 32: Satana anapempha kuti apete inu nonse ngati tirigu, koma ndapempherera iwe, Simoni.

Mayi Otanthauzira:
Ndiye kuti nthawi zina chinenero chathu chimafunsa funso lomwe Chigiriki sichinayankhe.

Wophunzira Zaubusa:
Ndendende mayi. Taonani Marita ndi Mariya pa Luka 10:39. Chigiriki chimangoti *adelphe*, osanena wamkulu ndani. Ife pakamwa pamafuna kunena kuti mng’ono wake kapena mkulu wake. Mwayi wathu tili ndi liwu loti mbale lothawirako. Anzathu ena alibe pothawira. M’Chimalagasi ndi m’chinenero cha ku Indonesia muli “ife” awiri, wina wophatikiza amene ukulankhula naye, wina womupatula. Tsono pa Marko 4:38, ophunzira akumudzutsa Yesu m’ngalawa kuti tikufa. Akumuwerengera Yesuyo pa akufawo kapena ayi? Chigiriki chili chete, koma womasulira sangalembe vesiyo asanagamule.

Mkhalakale:
Chabwino, za iwe ndi inu ndamva. Koma palibe amene wayankha za mavesi ochotsedwa. Tsegulani Baibulo latsopano pa Mateyu 18. Muwerenge 10, kenako mupeza 12. Vesi 11 anapita nayo kuti? Machitidwe 8:37 naye kulibe. Yohane 5:4 kulibe. Ameneyo si Satana?

Abusa Opuma:
Bambo, funso limeneli ndi lofunika ndipo anthu ambiri limawapweteka mumtima, choncho ndiliyankha mofatsa.

Kalata yomwe Paulo analemba ndi dzanja lake palibe amene ali nayo. Uthenga wa Yohane woyambirira weniweniwo palibe. Zomwe tili nazo ndi makope okopedwa pamanja, oposa 5,000 a Chigiriki okha, ena athunthu, ena tizidutswa. Kachidutswa kotchedwa P52 komwe kamasungidwa ku Manchester ndi kochepa kosadzaza chikhatho, kali ndi mavesi ochepa a Yohane 18, ndipo kamawerengedwa pakati pa zakale kwambiri. Okopawo anali anthu. Ankatopa, ankadumpha mzere, nthawi zina ankalemba vesi yomwe akuikumbukira kuchokera ku Uthenga wina. Mateyu 18:11 ndi chitsanzo chabwino. Mawu ake, oti Mwana wa Munthu anadza kudzapulumutsa chotayika, mukawapeza pa Luka 19:10. M’makope akale kwambiri a Mateyu mulibe, m’makope apambuyo alimo.

Tsono Chipangano Chatsopano cha Chigiriki choyamba kufalitsidwa chosindikizidwa ndi cha katswiri wa maphunziro wotchedwa Erasmus, chinatuluka ku Basel mu 1516. Iye anali ndi makope owerengeka okha, ndiponso osati akale kwambiri. La Chivumbulutso anali nalo limodzi, lobwereka, ndipo tsamba lomaliza linali litathothoka. Mavesi 6 omaliza anachita kuwamasulira yekha kuchoka ku Chilatini kubwerera ku Chigiriki. N’chifukwa chake pa Chivumbulutso 22:19 mabaibulo otsata Erasmus amati “buku la moyo” pomwe makope a Chigiriki amati “mtengo wa moyo”. M’Chilatini mawu awiriwa amafanana kwambiri, *libro* ndi *ligno*.

Manambala a mavesi anabwera pambuyo pake. Anawaika ndi wosindikiza mabuku Robert Estienne mu 1551, pa malemba a mtundu wa Erasmus womwewo. Patapita zaka mazana atatu, katswiri wina wotchedwa Tischendorf anapeza Codex Sinaiticus, Baibulo la Chigiriki lokopedwa pamanja, ku nyumba ya amonke ya St Catherine kuphiri la Sinai, masamba ena mu 1844, mbali yaikulu mu 1859. Buku limeneli ndi la zaka za m’ma 300, monganso Codex Vaticanus. Akatswiri atayerekeza anaona kuti mavesi ena omwe anali kale ndi manambala mulibe m’makope akalewa. Manambala sakanawasinthanso, dziko lonse linali litawazolowera. Ndiye mpata mukuuonawo. Mabaibulo ambiri amaika vesiyo m’munsi mwa tsamba ndi kalembedwe kakang’ono.

Mkhalakale:
Ndiye mukutanthauza kuti sanachotse, koma ena ndi amene anaonjezera?

Abusa Opuma:
Pa mavesi mwatchulawo, umboni ukuloza kumeneko. Ndipo sikuti anaonjezera mwa chiwembu. Wokopa amene analemba mawu a Luka mu Mateyu ankalemba mawu a Yesu omwe. Malo aakulu omwe amavutitsa ndi awiri, mathero a Marko (16:9 mpaka 20) ndi nkhani ya mayi wogwidwa m’chigololo (Yohane 7:53 mpaka 8:11). Amenewa mabaibulo ambiri amawasiya momwemo koma ndi chizindikiro.

Wophunzira Zaubusa:
Ndionjezere kamodzi komwe kanandizunguza mutu m’kalasi. Makope akalewa analembedwa ndi zilembo zazikulu zokhazokha, mawu ogundana opanda mipata, zizindikiro zopumira pafupifupi kulibe. NDIYEKUTIZIMAONEKACHONCHI. Ndiye pali Aroma 5:1. Makope ena akuti *echomen* ndi o wamfupi, “tili ndi mtendere ndi Mulungu”. Ena akuti *echomen* ndi o wamtali, “tiyeni tikhale ndi mtendere ndi Mulungu”. Zilembo ziwirizi zinafika pomatchulidwa mofanana, choncho wolemba zomwe wina akumuwerengera sakanasiyanitsa ndi khutu. Chilembo chimodzi, koma ulaliki wake ndi uwiri wosiyana.

Wofunsafunsa:
Nanga bwanji tonse tisangophunzira Chigiriki n’kusiya kuvutikaku?

Mayi Otanthauzira:
Achimwene, simunamve kuti ophunzira Chigirikiwo ndi amene akukangana pa o wamfupi ndi o wamtali?

Abusa Opuma:
Kkkk mayi mwandiseketsa. Ndipo bambo Mkhalakale asadzione ngati ali okha. Kukwiya ndi Baibulo latsopano kunayamba kalekale. Katswiri wa Malemba wotchedwa Jerome anapatsidwa ntchito ndi Papa Damasus mu 382 kuti akonze Baibulo la Chilatini. Atafika ku Chipangano Chakale anaganiza zomasulira kuchokera ku Chiheberi, m’malo motsata Septuagint, Baibulo la Chigiriki lomwe Ayuda a ku Alexandria anayamba kumasulira zaka za m’ma 200 Yesu asanabadwe. M’buku la Yona muli chomera chija chinamupatsa mthunzi. Akhristu anazolowera kumva kuti chinali mphonda, *cucurbita*. Jerome analemba *hedera*, chomera china choyanga. Bishopu Augustine anamulembera kalata kumuuza zomwe zinachitika mumzinda wa Oea, womwe lero ndi Tripoli ku Libya. Bishopu atawerenga Yona watsopanoyo mumpingo, anthu anachita phokoso lalikulu, mpaka bishopuyo anabwezeretsa liwu lakale poopa kutsala yekha m’tchalitchi. Nkhani yake chomera! Ndipo akatswiri ambiri lero amaganiza kuti chinali nsatsi, kutanthauza kuti mbali zonse ziwiri zinaphonya.

Koma Baibulo la Jerome lomwelo linadzakhala “lakale” lokondedwa kwa zaka zoposa 1,000, ndipo amene analikhudza anaona zakuda. Pa Mateyu 4:17 Chigiriki chikuti *metanoeite*, kusintha maganizo, kutembenuka mtima. Chilatini chinati *paenitentiam agite*, zomwe anthu ankazimva ngati kuchita ntchito zolapira machimo. Erasmus anaonetsa kusiyana kumeneku, ndipo mfundo yoyamba pa mfundo 95 za Martin Luther za mu 1517 ikukamba za vesi yomweyi. William Tyndale, yemwe Chipangano Chatsopano chake cha Chingerezi chinasindikizidwa ku Worms mu 1526, anamasulira *ekklesia* ndi liwu lotanthauza msonkhano wa anthu osati tchalitchi, ndipo *presbyteros* anati mkulu osati wansembe. Thomas More analemba mabuku kumutsutsa pa mawu amenewa. Mu 1536 Tyndale anaphedwa ku Vilvoorde, kumupotokola khosi kenako kumuwotcha.

Mkhalakale:
Luther ameneyo ndinamva kuti anaonjezera liwu mu Aroma. N’zoona?

Wophunzira Zaubusa:
N’zoona bambo. Pa Aroma 3:28 analemba kuti munthu ayesedwa wolungama ndi chikhulupiriro “chokha”, *allein* m’Chijeremani, pomwe liwu limenelo m’Chigiriki mulibe. Atamudzudzula anayankha mu 1530 kuti Chijeremani chimafuna liwu limenelo kuti ganizo la Paulo limveke, ndipo anati womasulira azimvetsera mmene mayi amalankhulira m’nyumba, ana mumsewu ndi munthu wamba pamsika. Ena mpaka lero amati anapyola malire. Ine ndimaona kuti pamenepa mantha anu aja ali ndi malo. Womasulira ali ndi chikhulupiriro chake, ndipo chimatha kulowerera. N’chifukwa chake masiku ano ntchitoyi imagwiridwa ndi gulu la anthu a mipingo yosiyana, wina aziona zomwe mnzake walemba.

Komabe liwu ndi liwu nalonso lili ndi ngozi zake. Pa Filemoni vesi 12 Paulo akunena za Onesimo kuti ndi *splanchna* zake. Liwu limeneli ndi matumbo, zam’kati. Kwa Agiriki chifundo chinkakhala m’menemo. Baibulo la King James la 1611 linasunga matumbowo momwemo. Tayesani kuwerenga pa guwa kuti ndikumutumiza kwa iwe, iyeyu ndiye matumbo anga. Ife timati mtima wanga, ndipo palibe amene amati tasintha Mawu a Mulungu. Bambo wa mwana wolowerera uja pa Luka 15:20, pomwe timati anagwidwa chifundo, Chigiriki chikunena za matumbo omwewo.

Mayi wa Atatu:
Zikomo nonse, sindinkayembekezera kuti kafunso kanga kafika kutali chonchi. Safunsa anadya phula. Ndamuwerengera mwana zomwe mwalemba, makamaka za pamtanda zija, ndipo wakhutira kuti Yesu sanachite mwano. Koma wabwera ndi lina. Akuti kodi Yesuyo ndi mayi ake kunyumba ankalankhulana Chigiriki? Akuti ngati ayi, ndiye kuti *gynai* wakeyo ndi womasulira kale.

Abusa Opuma:
Mwana ameneyo mumusunge bwino mayi. Chinenero cha tsiku ndi tsiku ku Galileya chinali Chiaramu, ndipo Marko anatisungira mawu angapo momwe anatulukira pakamwa pa Yesu: *Effata* pa 7:34, *Abba* pa 14:36, *Eloi Eloi* pa 15:34. Choncho mawu ambiri a Yesu omwe tikuwawerenga m’Chigiriki anadutsa kale m’manja mwa womasulira.

Bambo Mkhalakale, ichi ndi chanu. Tsegulani Marko 5:41, pa mwana wa Yairo. Yesu akuti *Talita kumi*. Ndi mawu awiri okha, “mtsikana, dzuka”. Tsono werengani mmene Marko mwiniwake akuwamasulira pa vesi yomweyo. Muona kuti waikapo “ndinena ndi iwe”, mawu omwe m’Chiaramumo mulibe.

Mkhalakale:
Dikirani ndipeze magalasi.

Mkhalakale:
Alimodi, m’Baibulo langa lakale lomweli. Ndipo mdzukulu wanga wandionetsa Mateyu 18:11 m’Baibulo lake, ili pansi pa tsamba, tizilembo tating’ono ngati nyerere. Langali sindilisiya abusa, ndinabatizidwa nalo ndipo mavesi onse ndinaloweza momwemo. Koma mundiuzeko za mathero a Marko aja, chifukwa vesi yogwira njoka ili m’menemo ndipo ndili nayo mafunso.